Masiku 20 a madola 7.5 miliyoni: masamu ochotsera kochi wa pa yunivesite ku America

Loweruka pa 10 Seputembala 2022, timu ya mpira ya yunivesite ya Nebraska inagonja pabwalo lake lomwe mumzinda wa Lincoln ndi mapointi 45 kwa 42. Imene inawachita chipongwe chimenechi ndi Georgia Southern, timu ya m'ligi yaing'ono, imodzi mwa zija zimene masukulu akuluakulu amaziitana ndi kuzilipira poyembekezera kuti zidzagonja mosavuta. Kutacha Lamlungu, mkulu wa zamasewero pasukulupo, Trev Alberts, anauza kochi Scott Frost kuti ntchito yatha. Palibe anadabwa, chifukwa chiyambireni mu 2018 Frost anali atapambana masewero 16 okha nkugonja 31. Chimene chinaimitsa anthu mitu ndi tsikulo. Kontirakiti yake inkanena kuti akachotsedwa pasanafike pa 1 Okutobala alandire madola 15 miliyoni, koma kuyambira tsiku limenelo ndalamayo itsike ndi theka, ifike pa 7.5 miliyoni. Kunatsala masiku 20. M'masiku amenewo timuyo inali ndi masewero amodzi okha, olimbana ndi Oklahoma, ndipo kochi wogwirizira udindo anathidzimulidwanso 49 kwa 14.

Kodi yunivesite, malo a maphunziro, ingataye bwanji madola 7.5 miliyoni chifukwa chokanika kudikira milungu itatu? Kuti funsoli liyankhike bwino tiyenera kuyamba tadziwa kuti mpira umene tikunenawu ndi wotani. Si mpira wamiyendo ayi, ndi uja wa ku America womwe amathamanga nawo m'manja atavala zisoti. Ndipo timu ya pa yunivesite kumeneko si kagulu ka ophunzira kochotsa ulesi madzulo. Bwalo la yunivesite ya Texas A&M, lotchedwa Kyle Field, limalowa anthu opitirira 102,000. Ligi ya Big Ten, momwe muli Nebraska, inagulitsa ufulu woonetsa masewero ake pa wailesi yakanema kwa zaka zisanu ndi ziwiri pamtengo wopitirira madola 7 biliyoni. M'zigawo zambiri za dziko la America, munthu wolandira malipiro ochuluka kuposa wina aliyense wogwira ntchito m'mabungwe a boma si bwanamkubwa kapena dokotala wamkulu, koma kochi wa mpira kapena wa basketball pa yunivesite ya boma.

Pali chifukwa chake chimene makochi anafikira pamenepa. Kwa zaka zambiri malamulo a bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'mayunivesite, ankaletsa kulipira osewera. Wosewera ankalandira maphunziro aulere, chakudya ndi pogona, basi. Ndalama za pa kanema zinkakwera chaka ndi chaka, koma njira yogulira osewera abwino mwachindunji inali yotseka. Tsono mpikisano wonse unathamangira kumene kunali kololedwa: nyumba zochitira mafizo zokongola ngati mahotela, ndi makochi odziwa kukopa anyamata a kusekondale. Kochi anasanduka katundu wodula kwambiri amene sukulu ingagule.

Katundu akasowa, wogulitsa ndiye amalamula. Maejenti a makochi anayamba kufuna makontirakiti aatali, a zaka zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, mpaka khumi, ndipo chachikulu nchakuti malipirowo akhale otsimikizika ngakhale kochiyo atachotsedwa chifukwa chogonja. Mfundo yawo imamveka: kochi akapita kunyumba kwa mnyamata wa zaka 17 kukakambirana ndi makolo, funso loyamba limakhala lakuti, kodi inu mudzakhalapo mpaka mwana wathu adzamalize? Kontirakiti yotsala ndi chaka chimodzi imauza aliyense kuti kochi ali pakhomo, ndipo matimu ena sachedwa kukanong'oneza zimenezo kwa makolowo. Ndalama imene sukulu imalipira pothetsa kontirakiti nthawi isanakwane ndiyo eni ake amaitcha buyout. Ife tingati chipukutamisozi, ngakhale kuti kwenikweni ndi ngongole imene sukulu inasainira yokha tsiku limene aliyense anali kusekerera pamaso pa atolankhani. Wailesi yakanema ya zamasewero ya ESPN itawerengera, inapeza kuti kuyambira 2010 kufika kumayambiriro kwa 2021, mayunivesite a m'gulu lapamwamba analipira madola opitirira 530 miliyoni kwa makochi amene sanalinso pantchito.

Nkhani imene imaonetsa bwino masamu onse ndi ya Jimbo Fisher. Iye anatenga chikho cha dziko lonse ndi Florida State m'sizoni ya 2013. Mu Disembala 2017 Texas A&M inamukopa ndi kontirakiti ya zaka khumi ya madola 75 miliyoni, yonse yotsimikizika. Kuti malo apezeke, inali itangochotsa Kevin Sumlin nkumulipira madola opitirira 10 miliyoni. Mu 2020 zinaoneka ngati zatheka: timu inapambana masewero 9 nkugonja amodzi, nkumaliza pa nambala 4 m'dziko lonse. Poopa kuti masukulu ena amulanda, mu 2021 akuluakulu anawonjezera kontirakitiyo kuti ifike 2031, malipiro nkukwera kufika pa madola 9 miliyoni pachaka ndi kupitirirapo. Chaka chotsatira timu inapambana 5 nkugonja 7. Pa 12 Novembala 2023, tsiku limodzi chabe itagonjetsa Mississippi State 51 kwa 10, Fisher anachotsedwa, ndipo sukulu inatsala ndi ngongole ya madola opitirira 75 miliyoni: pafupifupi 19 miliyoni m'masiku 60 oyamba, kenako 7 miliyoni ndi kanthu pamwamba chaka chilichonse mpaka 2031.

Anthu ambiri akamva chiwerengerochi amati kuchotsa Fisher kunadya madola 75 miliyoni. Apa mpamene ndikufuna tidekhe, chifukwa masamu ake sali choncho. Fisher akanakhalabe pantchito mpaka 2031, sukulu ikanamulipira ndalama yomweyo ngati malipiro. Kumusunga, 75 miliyoni. Kumuchotsa, 75 miliyoni. Ndalama imeneyo inatuluka kale m'thumba mu 2021 pamene anasaina, ngakhale inali isanachoke kubanki. Chimene tsiku la 12 Novembala linawonjezera ndi mtengo wa womulowa m'malo. Mike Elko anabwera kuchokera ku Duke pa malipiro a madola pafupifupi 7 miliyoni pachaka. Kuwonjezera apo, kochi wamkulu sachoka yekha: omuthandiza khumi, ena mwa iwo olandira madola opitirira miliyoni imodzi, nawonso ali ndi makontirakiti oyenera kulipiridwa, pamene kochi watsopano akubwera ndi anthu ake. Kawirikawiri sukulu imene wamulandayo nayonso imafuna kulipidwa chifukwa kochi wathyola kontirakiti yake kumeneko. Ndiye mtengo weniweni wa chiganizo chochotsa ndi umenewu: kulipira anthu awiri pomwe mpando ndi umodzi, kwa zaka zonse zotsala.

Zikatero, mawu akuti "tidikire chaka chimodzi buyout itsike" amasintha tanthauzo. Ngati kontirakiti ndi yotsimikizika yonse, chaka chimodzi chikadutsa ngongole imatsikadi ndi 9 miliyoni, koma 9 miliyoni yomweyo mwamupatsa kale ngati malipiro. Mwapulumutsa malipiro a chaka chimodzi a kochi watsopano ndi anthu ake, osati kuposa apo. Nchifukwa chake akuluakulu a masukulu olemera saopa ziwerengero zimene zimatiopsa ife owerenga. Funso limene amadzifunsa ndi lakuti: kodi chaka china cha kugonja chitidyera zoposa malipiro a kochi watsopano? Nthawi zambiri amayankha kuti inde.

Koma makontirakiti onse safanana, ndipo mawu ochepa m'ndime imodzi amatha kusuntha mamiliyoni. Ena amati kochi akachotsedwa alandire gawo chabe la zotsala, monga 70 kapena 85 pa 100 iliyonse. Pamenepo kuchotsa msanga kumachepetsako ngongole. Ena amaika masitepe, ndalama nkumatsika pa tsiku lotchulidwa, ngati ya Frost ija. Nebraska inachita kukambirana naye mu Novembala 2021, atapambana masewero atatu okha m'sizoni yonse, kuti atsitse malipiro kuchoka pa 5 miliyoni kufika pa 4 miliyoni ndi kuti buyout idzatsike pa 1 Okutobala 2022. Sitepe imeneyo sukulu inaimenyera yokha, kenako nkuisiya kutatsala masiku 20. Alberts anafotokoza kuti osewera ndi ochemerera anayenera kupatsidwa mwayi wopulumutsa sizoni imene inali itangoyamba kumene. Ndikumvetsa kupsa mtima kwa usiku umenewo, komanso ndikumvetsa kuti kusunga munthu amene aliyense akudziwa kuti akuchoka kumazunza anyamata amene akusewera. Komabe timuyo inamaliza ndi kupambana 4, kugonja 8, ndipo kochi watsopano, Matt Rhule, anabwera kumapeto kwa Novembala monga akanabwerera ngakhale akanadikira. Ine sindiona chimene 7.5 miliyoni ija inagula chimene sichikanapezeka pa 1 Okutobala.

Ndime ina yofunika koposa ndi yokhudza ntchito yatsopano. M'makontirakiti ambiri muli mawu akuti kochi wochotsedwa ayenera kufunafuna ntchito ina moona mtima, ndipo zimene azikalandira kumeneko zizichotsedwa pa ngongole ya sukulu yakale. Ya Fisher inalibe mawu amenewa, choncho kaya agwire ntchito kaya akhale pakhonde, ndalama yake ndi yomweyo. Yerekezani ndi James Franklin wa ku Penn State. Mu Januwale 2025 timu yake inafika m'ndime yachiwiri kwa yomaliza ya mpikisano wa chikho cha dziko lonse. Miyezi isanu ndi inayi pambuyo pake, itagonja katatu motsatizana kwa Oregon, UCLA ndi Northwestern, anachotsedwa pa 12 Okutobala, ngongole ili pafupifupi madola 49 miliyoni. Koma kontirakiti yake inali ndi ndime ija. Patangotha mwezi analembedwa ntchito ku Virginia Tech, ndipo mbali ziwirizo zinagwirizana kuti Penn State ingomupatsa pafupifupi 9 miliyoni nkhani ithe. Kusiyana kwa Fisher ndi Franklin ndi mamiliyoni makumimakumi, ndipo kunalembedwa ndi maloya zaka zingapo mpira woipawo usanaseweredwe.

Palinso khomo lina limene masukulu amaliyang'ana ndi diso lakuthwa ngongole ikakula: kuchotsa kochi chifukwa cha mlandu. Kugonja si mlandu. Koma kuphwanya malamulo a NCAA, kunama kwa ofufuza, kapena khalidwe lonyazitsa sukulu, zimenezo zimalola kuthetsa kontirakiti popanda kulipira kalikonse. Tennessee inachita zimenezi mu Januwale 2021 kwa Jeremy Pruitt, itapeza kuti osewera ndi mabanja awo ankapatsidwa ndalama mozemba, ndipo inapewa kulipira madola pafupifupi 12.6 miliyoni. Mu 2023 NCAA inalipiritsa sukuluyo chindapusa cha madola 8 miliyoni pa milandu yomweyo. Yunivesite ya Connecticut inayesa njira imeneyi mu 2018 kwa Kevin Ollie, kochi wa basketball amene anawabweretsera chikho mu 2014. Nkhani inakoka zaka zinayi, ndipo mu Januwale 2022 mkhalapakati anagamula kuti sukulu inalakwa, imulipire madola opitirira 11 miliyoni. Chimene chimandidetsa nkhawa pa khomo limeneli nchakuti zolakwa zimene akuluakulu ankazitsinzinira timu ikupambana zimasanduka milandu yaikulu timu ikayamba kugonja. Makochi ena amaona zimenezi, ndipo sukulu yodziwika kuti imafufuza zifukwa pofuna kuzemba ngongole imadzalipira zambiri pokopa wotsatira.

Tsopano mbali inayo: kodi kusunga kochi wogonja kumadya chiyani? Apa mpofunika kusiyanitsa mitsinje imene ndalama zimalowera. Mtsinje waukulu, wa wailesi yakanema, sugwedezeka ndi kugonja. Ligi imalandira ndalamazo nkugawira masukulu ake pafupifupi mofanana. M'ligi ya SEC, momwe muli Texas A&M, sukulu iliyonse inalandira madola opitirira 50 miliyoni pachaka m'zaka zimene Fisher ankavutika, kaya ili pamwamba kaya ili pansi. Mitsinje imene imaphwa ndi ya matikiti, zipinda zapadera za m'bwalo zimene makampani amachita lendi, ndi zopereka za mpondamatiki amene ambiri anaphunzira pasukulu pomwepo. Ku Nebraska matikiti a masewero onse a pakhomo akhala akutha kuyambira 1962, ndipo anthu a kumeneko amanyadira zimenezi ngati chuma cha mtundu. Mu 2021, pansi pa Frost, zinafika poti anthu ena achuma anachita kugula matikiti otsala nkugawira ana kuti mbiriyo isaduke. Mkulu wa zamasewero akaona zotere amadziwa kuti chimene chikumudikira si ukali wa ochemerera, koma mphwayi. Wokwiya amabwerabe kubwalo kudzatukwana. Wa mphwayi amangosiya kugula tikiti, ndipo kumubweza kumatenga zaka.

Kalendala nayo imakankha. Kuyambira 2017, anyamata ambiri a kusekondale amasaina ndi mayunivesite mu Disembala, osati mu Febuluwale monga kale. Kuyambira 2021 wosewera amatha kusamukira kusukulu ina nkuyamba kusewera nthawi yomweyo. Sukulu imene yachedwa kupeza kochi imapeza kuti anyamata abwino atengedwa ndipo ena ake omwe alongedza. Nchifukwa chake masiku ano makochi amachotsedwa mu Seputembala ndi Okutobala, sizoni ili pakati, kuti sukulu iyambe kukambirana ndi maejenti poyera ena asanadzuke. Koma mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Kochi akachotsedwa, malamulo amatsegulira osewera ake mpata wapadera wosamukira, ndipo anyamata amene analonjeza kubwera chifukwa cha iye amabweza mawu. Wobwerayo amapeza nyumba yopanda denga, napempha zaka zitatu kuti amange, ndi kontirakiti yaitali yomuteteza m'zaka zimenezo.

Nanga kusinthako kumathandiza? Aliyense wofuna kuchotsa kochi amatchula mayina awiri. Alabama inachotsa Mike Shula mu 2006 nkulemba Nick Saban pa madola 32 miliyoni kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndalama imene panthawiyo anthu anaitcha misala. Saban anatenga zikho zisanu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zake chiwerengero cha ophunzira pasukulupo chinakwera kuchoka pa 25,000 kufika pafupifupi 39,000, ambiri ochokera kuzigawo zina amene amalipira fizi yokwera. Georgia inachotsa Mark Richt mu 2015 atapambana masewero 9 mwa 12, nkutenga Kirby Smart amene anabweretsa zikho mu 2021 ndi 2022. Nkhani ziwirizi ndi zoona, ndipo phindu lake linaposa kutalitali ndalama imene inalowa.

Vuto nlakuti anthu amakumbukira amene anapata nkuiwala unyinji umene unagwa m'njira. Nebraska yomwe ija inachotsa Frank Solich mu 2003 atapambana 9 nkugonja 3. Inachotsanso Bo Pelini mu 2014 pa ziwerengero zomwezo, munthu amene sanatsikepo pansi pa kupambana 9 m'masizoni ake onse asanu ndi awiri. Chichokereni Pelini mpaka nthawi ya Frost, timuyo inangofikako pa 9 kamodzi kokha. Auburn ndiye chitsanzo chowawa kwambiri. Mu Disembala 2020 inachotsa Gus Malzahn nkumulipira madola opitirira 21 miliyoni, theka lake m'masiku 30. Womulowa m'malo, Bryan Harsin, sanamalize ngakhale masizoni awiri: anapambana 9, kugonja 12, nachoka mu Okutobala 2022 ndi madola pafupifupi 15 miliyoni. Wotsatira, Hugh Freeze, anachotsedwa mu Novembala 2025 ndi ngongole inanso ya pafupifupi 15 miliyoni. M'zaka zisanu sukulu imodzi inalonjeza madola opitirira 50 miliyoni kwa anthu atatu kuti asiye ntchito, ndipo timu inkasewera moipa kuposa m'nthawi ya Malzahn. Walira mvula walira matope.

Akatswiri ena, motsogozedwa ndi wa ku yunivesite ya Colorado, anayesa kuyankha funsoli ndi ziwerengero osati ndi nkhani zosankha. Anatenga matimu a m'gulu lapamwamba kuyambira 1997 mpaka 2010, nkuyerekeza amene anasintha kochi ndi ena ofanana nawo amene sanasinthe. Anapeza kuti kwa matimu osachita bwino kwenikweni, kusintha sikunabweretse kusiyana kokhalitsa. Kwa matimu apakatikati, amene anasintha anachita moipa kuposa amene anasunga kochi wawo. Chimasokoneza maso nchakuti timu imachotsa kochi ikakhala pansi penipeni, ndipo kuchokera pansi nthawi zambiri imakwerako ndithu ngakhale pasasinthe kanthu. Kukwerako kumapatsidwa dzina la kochi watsopano.

Kudikira nako kuli ndi mboni zake. Frank Beamer anamaliza chaka chake chachisanu ndi chimodzi ku Virginia Tech, mu 1992, atapambana masewero awiri okha, ndipo masiku ano sakanaona Novembala. Anamusunga, ndipo anasandutsa sukuluyo dzina lodziwika m'dziko lonse. Mike Krzyzewski anagonja masewero ambiri kuposa amene anapambana m'zaka zake zitatu zoyamba ku Duke, kenako anatenga zikho zisanu za basketball. Koma chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Michigan, chifukwa chimaonetsa njira yachitatu. Mu 2020 timu ya Jim Harbaugh inapambana 2 nkugonja 4, ndipo anthu ambiri ankafuna achoke. Sukulu sinamuchotse komanso sinangomusiya. Inakambirana naye kontirakiti yatsopano: malipiro otsimikizika anatsika pafupifupi ndi theka, zotsalazo azipeze ngati mabonasi akapambana, ndipo ndalama yomuchotsera inatsitsidwa. Anasintha omuthandiza, natenga chikho cha Big Ten katatu motsatizana, ndi chikho cha dziko lonse mu Januwale 2024. Nebraska inayesa njira yofananayo ndi Frost koma sizinatheke, choncho si mankhwala a matenda onse. Ubwino wake ndi wakuti ikalephereka, sukulu imatuluka ndi ngongole yaing'ono, bola ikhale ndi mtima wodikira tsiku limene inadziikira.

Tafika pa funso limene limandikhudza kwambiri: ndalamazi amalipira ndani? Yankho limene akuluakulu amapereka nthawi zonse nlakuti si za misonkho kapena fizi ya ophunzira, ndi zopereka za anthu okonda timu. Ku Texas A&M gawo loyamba lija linachokeradi ku bungwe la othandiza timu lotchedwa 12th Man Foundation, koma 7 miliyoni ya chaka ndi chaka ikuchokera m'bajeti ya nthambi ya zamasewero. Ndipo ngakhale zopereka zili ndi malire. Mpondamatiki amene wapereka 5 miliyoni kuti kochi achoke ndi yemweyo amene mawa adzapemphedwa kuthandiza kumanga bwalo kapena kulipirira maphunziro a osewera. Nthambi ya zamasewero siyendetsa mpira wokha. Imasamaliranso othamanga, osambira, osewera volleyball, tenisi ndi ena ambiri, atsikana ndi anyamata amene masewero awo sabweretsa phindu koma ndiwo akuwaphunzitsa sukulu. Bajeti ikafinyika, nkhwangwa imayambira kwa iwo ndi kwa antchito wamba a m'maofesi. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo, yunivesite ya Texas inachotsa antchito ena a nthambi ya zamasewero ndi kudula malipiro a otsala. Mu Januwale 2021 sukulu yomweyo inapeza madola pafupifupi 15 miliyoni ochotsera kochi Tom Herman, amene anali atangopambana masewero 7 mwa 10. Munthu amene anatumizidwa kunyumba mu Seputembala ponena kuti ndalama palibe anaziona zimenezo.

Ndipo tsopano pabwera wina wofuna gawo lake, amene anayenera kukhala woyamba kalekale: wosewera. Kuyambira Julayi 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo. Mu Juni 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wotchedwa House, womwe osewera anasumira NCAA. Mgwirizanowu unalola sukulu iliyonse kulipira osewera ake mwachindunji mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Zimenezi zasintha masamu onse. Kale, sukulu yofuna kukwera inalibe china chogula koma kochi. Lero 7 miliyoni imene Texas A&M imatumiza kwa Fisher chaka chilichonse ikufanana ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yonse imene sukulu imaloledwa kugawira osewera ake. Mkulu wa zamasewero amene kochi wake akupambana 7 pa 12 ayenera kudzifunsa moona ngati mamiliyoni amenewo sangachite zambiri atapita kwa anyamata a m'bwalo. Munthu akanayembekezera kuti zimenezi ziziziritsa manja a akuluakulu. Sizoni yoyamba ya dongosolo latsopanoli inaonetsa zosiyana: Franklin ku Penn State, Billy Napier ku Florida ndi madola pafupifupi 21 miliyoni, ndi Brian Kelly ku LSU (yunivesite ya boma ya ku Louisiana), onse anachotsedwa m'mwezi umodzi wa Okutobala 2025.

Nkhani ya Kelly ikulumikiza zonsezi. LSU inamutenga ku Notre Dame mu 2021 pa kontirakiti ya zaka khumi ya madola 95 miliyoni, itangogwirizana zolipira Ed Orgeron pafupifupi 17 miliyoni kuti achoke, pasanathe zaka ziwiri chitengereni chikho osagonjako. Pa 25 Okutobala 2025 LSU inagonja pakwawo 49 kwa 25 kwa Texas A&M ya Mike Elko, ndipo tsiku lotsatira Kelly anachotsedwa, ngongole ili pafupifupi 54 miliyoni. Sukulu itayamba kukokakoka pa nkhani ya kulipira, Kelly anapita kukhoti, ndipo pamapeto pake LSU inavomereza kuti inamuchotsa popanda mlandu. Bwanamkubwa wa Louisiana, Jeff Landry, anadzudzula poyera mkulu wa zamasewero Scott Woodward, ndipo tsiku lotsatira Woodward anachoka paudindo. Woodward ameneyu ndi yemwe anali ku Texas A&M mu 2017 nkusainitsa Jimbo Fisher kontirakiti yoyamba ija ya 75 miliyoni. Mkwiyo wa bwanamkubwa unaloza pamalo oyenera, pa dzanja logwira cholembera tsiku losaina. Koma patangotha mwezi umodzi LSU inalanda Lane Kiffin ku Ole Miss pa kontirakiti ya zaka zisanu ndi ziwiri ya madola pafupifupi 13 miliyoni pachaka.

Ku College Station nako, kwawo kwa Texas A&M, Trev Alberts, uja anakanika kudikira masiku 20 ku Nebraska, ndiye wakhala mkulu wa zamasewero wa Texas A&M kuyambira Malichi 2024, ndipo ndi bajeti yake imene ikutuluka ndalama ya Fisher. Elko wachita bwino zedi: mu 2025 timu yake inapambana masewero 11 oyamba motsatizana, ndipo amene anakankha kuti Fisher achoke ali ndi chifukwa chonenera kuti anachita bwino. Sizoniyo isanathe, masukulu ena akuluakulu ali pakalikiliki kusaka makochi, Texas A&M inatalikitsa kontirakiti ya Elko ndi kukweza malipiro ake kupitirira madola 10 miliyoni pachaka, pa chifukwa chomwe chija cha mu 2021, kuopa kuti amulanda. Ngongole ya Fisher idakalipo mpaka 2031.